Loko pa Kiliniki ya M'mudzi

3 Juni 2024
Masiku khumi chiikireni mwana wanga Luckness m'manda. Wa miyezi isanu ndi inayi basi. Chibayo. Tsiku lija ndinathamanga naye ku kiliniki ya m'mudzi, nthiti zikulowa m'kati. Pachitseko loko. Vinsenti, mlangizi wathu wa zaumoyo, atapita kokagulitsa fodya wake, kiyi m'thumba. Pa Boma tinafika dzuwa litapendeka. Namwino: "Mayi, mwachedwa naye." Ndachedwa ine?

6 Juni
Vinsenti anabwera kudzapepesa, paketi ya shuga m'manja. Ndakhuthulira nkhumba iye akuona. Bambo a Luckness akuti ndisiyire Mulungu. Kiyi sanali ndi Mulungu.

9 Juni
Kutchalitchi Vinsenti ali kutsogolo mu kwaya, mawu onse. Ine pakamwa sindinatsegule. Kufa ayi, sindikumufunira. Manyazi. Ntchito imuthere, mudzi wonse ukuonerera.

14 Juni
Khomo ndi khomo, kalata yodandaula za Vinsenti m'manja. Amayi 23 adinda chala. Manesi, mnzanga wa ku chigwirizano, wakana. Akuti katemera wa mapasa ake anabaya ndi Vinsenti, ndipo munthu mmodzi sangakwanire midzi isanu ndi iwiri. Ndamuuza asadzapondenso pakhomo panga.

21 Juni
Kalata ndakapereka ndekha ku ofesi ya zaumoyo. M'munsi ndinawonjezamo kuti amagulitsa mankhwala a ana m'magolosale. Sindinaonepo. Zilibe kanthu.

10 Julayi
Amuimitsa ntchito mpaka afufuze. Bokosi la mankhwala lapita pagalimoto. Mkazi wake wadutsa pamjigo atazyolika, madzi osatunga. Lero ndadya mpaka kukhuta, koyamba chichitikireni maliro. Ndinafunsa adalaivala kuti mlangizi wina abwera liti. Akuti aona.

19 Julayi
Chisanu chochokera kuphiri, chobaya m'mafupa. Ana chifuwa nyumba iliyonse. Mlangizi watsopano sanaoneke. Ena mwa amene anadinda aja sakundipatsanso moni. Adinda okha, sindinawagwire dzanja.

22 Julayi
M'mawa ndikusesa, Manesi pakhomo. Kumbuyo Promise, mmodzi wa mapasa aja. Kupuma kothamanga komwe kuja, mphuno zikutukuka. Mawu a Manesi ochepa: "Elifala, mankhwala aja munawatumiza kuti?"

Ndinangogwira tsache.

Wapita kwa Vinsenti. A zaumoyo anamuletsa kukhudza wodwala, koma anamuvula mwana malaya, nawerenga mpweya ndi wotchi ya pafoni. Anyamuka pa njinga yake yamoto kulowera ku Boma. Podutsa pano Vinsenti sanandiyang'ane. Bola akananditukwana.

Mpaka pano palibe uthenga.

Mawa komiti yofufuza ikundifuna ndikanene pamaso pa Vinsenti za kugulitsa mankhwala zija. Sindinamukhululukire, mwana wanga ali m'dothi. Koma akandifunsa ngati ndinaona ndi maso anga, ine ndinena zoona: sindinaone.