Zoti Tiyese Adzawerenge

Lolemba, 10 Juni
Basi ya ku Joni ndi Loweruka, andipezera ntchito ya m'nyumba. Mwana wanga Tiyese atsala ndi achemwali anga a Doris. Ali ndi zaka ziwiri zokha, adzandiiwala. Ndagula kope kuti ndimulembere za moyo wanga, asadzangomva za m'kamwa mwa anthu. Kulankhula sinditha, aliyense amadziwa.

Lachiwiri, 11 Juni
Ndagawa kope panayi. Kubadwa kwanga kwathu kwa Nthache. Sukulu. Kugulitsa manachesi pamalire. Bambo ake a Tiyese.
Ndafunsa amayi tsiku lomwe ndinabadwa. Akuti ulembe chaka cha njala. Nanga mwezi? "Ankawerenga miyezi ndani tikudya zitsa za nthochi?"

Lachitatu, 12 Juni
Masamba atatu, ndikadali sitandade 2. Dzanja likuwawa. Masiku akutha.

Lachinayi, 13 Juni
Ndalumphira kwa bambo ake. Ndalemba kuti ankayendetsa thiraki, ankagula manachesi anga onse osanenerera. Apo ndaima. Ndilembe kuti anawoloka malire osabweranso? Mwanayo adzawerenga zimenezo amayi akenso atawoloka pomwepo. Ndang'amba tsambalo.
Madzulo Tiyese wagwa pakhonde, wathamangira kwa a Doris akulira kuti amama. Ine ndinali pomwepo. Inde nawonso ndi amayi ake aakulu, koma mtima wandipweteka.

Lachisanu, 14 Juni
Sindimaliza. Ndayesa kuyambira kumapeto, zakanikanso.
A Doris andipeza ndi kope pamwendo. "Ukulemba wilo kodi?" Alanda akuseka. Atawerenga asiya kuseka. "Apa wanama. Sunasiye sukulu chifukwa cha yunifolomu, unkaopa kuwerenga pamaso pa anzako." Ndati achemwali, zoterezi mwana adziwe? Akuti nanga ukufuna adziwe munthu wina?
Ndakonza.

Loweruka, 15 Juni
M'mawa ndawonjezera gawo lachisanu, mutu wokha: Joni. Ndapereka kope kwa a Doris kuti asunge, adzamuwerengere akakula. Tiyese ndamusiya ali m'tulo, sindikanatha akundiona.
Pamalire tili pamzere wodinditsa, ndatsegula chikwama kufuna pasipoti. Kope lili pamwamba penipeni. Ndawaimbira foni a Doris.
"Ine nkhani yosatha sindimuwerengera," atero. "Udzabwere nalo wekha."
Kumbuyo kwawo ndimamva Tiyese akulira amama. Sindikudziwa amaitana ndani.