Mipando yakale ili m'kontena

Amake Luntha,

Ndathamangira ku Baltimore, musandidikire. Ndalakwa, pepani.

Mipando ya galimoto zampikisano ija ndinaimanga m'galimoto dzulo inu muli kuntchito. Posankha ndinangodziyeza ndekha m'chiuno, mutu uli pa makona a ku bwalo la mpikisano. M'mawa uno ndimati ndiperekeze amayi anu kuchipatala ku Bethesda. Mpandowo ndi wakuya ngati beseni, komanso supindika, ndiye poti galimotoyi ndi ya zitseko ziwiri, kumbuyo sikulowekanso. Ndi chiuno chawo chovuta chija, ayesa kawiri kukweza mwendo, osatheka. Angokonza chitenje n'kunena kuti, "Bambo, musavutike, ndidzapita sabata yamawa." Bola akanandikalipira.

Choipa china, mipando yakale ndinapatsa a Mac otumiza katundu aja kuti aike m'kontena yopita ku Lilongwe, achimwene akamange m'minibasi yawo. Kontenayo akutseka masana ano ku Baltimore komweko, ndipo a Mac sakuyankha foni.

Kuchipatala avomera kuti amayi afike 2 koloko. Chonde apititseni pa galimoto yanu, makadi awo akuchipatala ali pamwamba pa filiji.

Munandifunsa tsiku lija ngati galimotoyi ndi ya banja kapena yanga ndekha, ine n'kuseka. Ndikapulumutsa ngakhale mpando umodzi, ukhala wa amayi.

Melvin