Ndaseka mdala wa pa TV

Lamlungu, kumapeto kwa Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Masana tinadzazana kwa Mai Fatsani, chifukwa pa komboni pano ndi okhawo ali ndi TV ya sola. Timaonera mpikisano wa oimba uja, wongotayitsa nthawi podikira mvula. Kunatulukira mdala wa imvi atanyamula gitala. Mawu ake ankanjenjemera, ndipo oweruza anamudula asanamalize. Tonse tinaseka, koma ine ndiye ndinanyanya. Ndinati, "Munthu wamkulu chonchi, bwanji osangokhala pakhomo n'kumalera zidzukulu?"

Amuna anga sanaseke. Anadzuka mwakachetechete n'kutuluka.

Madzulo ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupukuta gitala yawo ija amaimbira kwaya kutchalitchi. Anandifunsa osandiyang'ana, "Mayi a Chisomo, nanenso mukanandiseka chonchija?"

Apa m'pamene anandiuza kuti a mpikisanowo akubwera ku tauni yathu ya Chinhoyi mwezi wamawa kudzasankha oimba. Amuna angawo anali atapempha kale tsiku lopuma kwa kapitawo wa kumunda wa fodya. Nyimbo ankayeserera mobisa ku shedi, kuti ine ndidzangowaona ali pa TV.

Ndawapepesa. Ndawauza kuti mawu awo ndi abwino kuposa a mdala uja, ndipo sindikunama. Iwo angoti, "Zisiyeni, zinali zachibwana," n'kuika gitalayo pamwamba pa wodiropu.

Mawa akapita kumunda ndiitsitsa, ndiike pampando wawo. Kaya adzaigwiranso, kaya...