Silipa yopendama

Lachinayi madzulo. Mtima suli m'malo. Mayeso a masamu ndi Lolemba, ndipo ndikalepheranso ulendo uno, za koleji ndiiwale.

Masana onse ndinali pa funso limodzi: y = x², pamene x ndi 2. Differentiation sinandivute, gradient ya tangent ndinapeza 4. Ya normal ndinalemba 1/4, n'kujambula mizere yonse iwiri pa graph.

Atate anasuzumira pochokera ku kwaya. Iwo anakalambira pa ntchito yokonza njanji kuno ku Railways. Anafunsa kuti mizereyo ndi ya chiyani. Ndinayankha mwaulesi kuti tangent imatsata njira pamene yakhota, normal imaipingasa.

"Ndiye njanji ndi silipa yake," anatero, kunena mtanda umene amaugoneka mopingasa pansi pa njanji. "Koma iwe, silipa yakoyi yapendama. Ukayala chonchi pa kona, sitima igwa."

Ndinayang'ananso. Ndinali nditatembenuza 4 koma n'kuiwala minus. Yankho ndi −1/4.

Munthu wolekezera Grade 7, kuona ndi maso chabe. Ndapsa mtima, kaya ndi ndani. Ndajambula kasilipa pachikuto cha buku kuti ndizikumbukira.

Koma Lolemba, m'holo muja, palibe amene adzasuzumire.