Chotsani Nkhope Yanga pa Chikwangwani

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga, inu, alamu ndi ana onse kumeneko. Muli bwanji? Msana uja unasiya, kapena mukungopirira nawo pa chiwongolero tsiku lonse? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu ali bwino. Mwana wanu Kabatani akudya, akusewera, mphumu yake yayamba yagona kaye. Ine ndiye mtima sukhala pansi. Akangotsokomola kamodzi ndimasiya zonse n'kuika khutu pamsana pake.

Mukudziwa kuti kulemba si ntchito yanga, sukulu ndinaisiyira panjira. Koma pa foni mumandidula mawu. Mumangoti "iwe, tamvera kaye," ine n'kukhala chete poti ndinu aakulu. Papepala pano simundidula.

Nkhani ndi ya chithunzi chija.

Mukukumbukira tsiku lija munabwera kudzationa n'kutipeza kuchipatala cha boma. Munandipeza nditagona pa benchi, kukamwa kuli yasa, Kabatani ali pachifuwa panga. Munandijambula pa foni, mutandidzutsa tinaseka tonse. Munati mukawaonetsa alamu kuti aone mlonda wogona. Ine ndinkayesa zathera pomwepo.

Lero nkhope yanga ili pa chikwangwani chachikulu pamphambano pamene timatsikira basi popita kuntchito. Mutu wanga wokha ndi waukulu kuposa chitseko cha nyumba yathu. Dzino langa lobenthuka lija aliyense akuliona. Pansi pake alemba kuti BAMBO UYU WATOPA KUDIKIRA, ZIPATALA ZIPITE KU KAMPANI.

Anayamba kuchiona ndi anzanga onyamula nawo simenti. Nditangolowa pageti anaimirira onse n'kuwomba m'manja, akuti afika a Watopa. Wina anayala thumba lopanda kanthu pansi, akuti gonani apa bwana, dokotala akabwera tikudzutsani. Kondakitala wa basi naye akumakuwa kuti apatseni mpando a Watopa asatigwere. Mlamu wanu akapita kumpopi, anzake akumamufunsa ngati ndimatsekako kukamwa kunyumba.

Kusekedwa ndilibe nako ntchito, achimwene. Ndinasekedwapo kale. Chimene chikundidya ndi bodza, ndipo bodzalo lili ndi nkhope yanga.

Ndikukumbutseni zimene zinachitika, poti mwina mwaiwala. M'mawa umenewo mwana anabanika. Nthiti zinkalowa m'kati, m'chifuwa mukulira ngati mluzu, milomo itayamba kuda. Ndinamunyamula n'kuthamanga naye osavala ndi nsapato zomwe. Pachipatala panali mzere wautali, zoona. Koma anthu a pamzerewo ndi amene anayamba kukuwa kuti mwana ayambe, mwana ayambe. Anamwino ena ovala magalasi anamulanda m'manja mwanga asanandifunse dzina. Anamuveka kachipangizo kotulutsa nthunzi ya mankhwala kumphuno ndi kukamwa. Ine ndili chilili, ndikuyang'ana nthiti zija mpaka zinayamba kuyenda bwino.

Kenako anati tikhale kaye pa benchi kuti amuonerere. Mwana anagona. Ndinamva chifuwa chake chikukwera n'kutsika pa chifuwa changa, chopanda mluzu. Nanenso tulo tinangondiba.

Sindinkadikira ayi. Tinali titathandizidwa kale. Ndinagona chifukwa mwana anapuma. Ndipo inu mumadziwa, chifukwa ndinakufotokozerani zonsezi tikutuluka pageti la chipatala, inu mutamunyamula paphewa.

Mwina munangowaonetsa abwana anu chithunzicho moseka muli m'galimoto, iwo n'kuchikonda. Ndikufuna kukhulupirira choncho. Koma pa foni paja simunanene kuti pepa. Munati ndinyadire, ndatchuka.

Zandale ine sindizitsata. Pa wailesi ndimangomva aphungu akukokanakokana kunyumba ya malamulo, ena akuti zipatala zipatsidwe kwa makampani, ena akuti ayi. Ndamvanso kuti abwana anu ali nawo m'kampani imene ikufuna kutenga zipatalazo. Zimenezo ndi zawo. Ine ndimadziwa mwana mmodzi ndi chifuwa chimodzi.

Sindikuchiyeretsa chipatala chathu. Mizere ilipo. Mankhwala amatha, tsiku lina anatibweza kuti kamankhwala ka mphumu kopopera m'kamwa kulibe tikabwerenso. Kalaliki wa pawindo amalankhula ngati tinamubera mbuzi. Kuchimbudzi ndiye osanena. Zonsezi ndikhoza kuzinena pamaso pa aliyense. Koma inu ndinu dalaivala, tandiuzani. Galimoto ikaphulika tayala mumakonza tayala, kapena mumapereka galimoto yonse kwa munthu woti azikulipiritsani mukafuna kukwera?

Munati osauka adzapatsidwa khadi loti azithandizidwira ulere. Chabwino. Adzapereke ndani? Ofesi yake idzakhala kuti? Wonyamula simenti ngati ine adzamuyesa wosauka, kapena adzati ali pantchito alipire? Nanga tsiku limene ndikuthamanga wopanda nsapato, khadi litatsala m'thumba la buluku lina, pakhomo adzayamba kuona chiyani, milomo ya mwana kapena khadi? Mafunso amenewa ndinakufunsani, inu munangoti zonse zili m'dongosolo.

Dongosolo la abwana anu ndimaliona tsiku ndi tsiku, poti malo amene ndimagwirawa ndi awonso. Palibe thumba la simenti limatuluka pageti popanda lisiti. Munthu alire, alonjeze, atchule Mulungu, mlonda satsegula. Sindikuwanena, malonda amayenda choncho. Koma simenti ikhoza kudikira mpaka mawa. Mpweya wa Kabatani sudikira.

Musayese kuti wina wandinyenga. A mbali inayo anabweranso kunyumba, anyamata ovala malaya olembalemba, akuti nditsogole zionetsero zawo, tikagwetse chikwangwanicho. Ndinawauza kuti apite. Ndilibe nthawi yothamangitsana ndi apolisi, komanso sindine chithunzi cha munthu aliyense.

Tsopano ndikuuzeni chimene chandilembetsa kalatayi. Sabata yatha linali tsiku loti Kabatani akamuonenso kuchipatala. Mlamu wanu anakana kupita, akuti iye sangalowe m'menemo ndi manyazi otere, amene anajambulitsa apite yekha. Ndinapita naye ndekha. Anamwino onse amadutsa pamphambano ija popita kuntchito. Ndinkangoganiza kuti akatitembenuzira nkhope kumbali, mwanayu ndipita naye kuti?

Pa benchi anthu ankanong'onezana n'kumandiloza ndi milomo. Gogo wina anandifunsa mokweza ngati anandigula pamodzi ndi mwana kapena payekhapayekha. 

Titalowa tinapeza anamwino omwe aja. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa kuti a Watopa lero mwadikira nthawi yaitali bwanji. Ndinayamba kufotokoza kuti si ine, ndi achimwene anga, ndi foni. Anakweza dzanja, akuti zimenezo sungani, kwezani diresi la mwana. Anamumvetsera kutsogolo ndi kumbuyo modekha ngati kale. Anandionetsanso kagwiridwe ka kopopera m'kamwa, akuti ndimafulumira kuchotsa, ndizidikira mwana akoke mpweya bwinobwino. Anatipatsa katsopano.

Tikutuluka anandiitananso. Anati mawu a pa chikwangwani aja anawapweteka, sabisa, chifukwa tsiku limenelo iwo sanakhale pansi n'komwe. Koma akuti mwana akadzayambanso ndisadzachedwe kunyumba chifukwa cha manyazi, ndidzathamange naye basi. Iwo amathandiza chifuwa cha mwana, osati nkhope ya bambo ake.

Achimwene, ndinakaima kuseri kwa chipupa kuti Kabatani asaone maso anga. Anthu amene nkhope yanga ikuwatukwana pamsewu anandilandira ndilibe kanthu m'thumba. Kawafunseni abwana anu ngati kampani yawo idzachita zimenezo kwa munthu woitukwana.

Dzulo akapitawo anandiitanira muofesi. Anandipatsa tikiti ya basi ndi malaya atsopano okhala ndi nkhope yanga yomweyo. Akuti abwana akundifuna ku msonkhano waukulu wa zipatalazi umene akukonza kumeneko, ndikaime pa nsanja mwana ali paphewa, ndikanene mawu ochepa amene akandiphunzitse. Anawonjezera kuti munthu wokana kuitana kwa abwana asadabwe akapanda kumva dzina lake m'mawa pageti. Ananena akumwetulira.

Ndikudziwa kuti ntchitoyi munandipezera ndinu. Sindinaiwale, ndipo sindidzaiwala. Ndikudziwanso kuti ndikachita zamwano, abwana adzayang'ana inu, ana anu nawo amadya za m'galimoto imeneyo. N'chifukwa chake ndikukuuziranitu poyera, kuti musadzati mng'ono wanga anandichita chiwembu.

Kabatani sabwera. Fumbi, utsi wa magalimoto ndi chikhamu cha anthu, chifuwa chake sichingapirire, ndipo mwana wanga si katundu woonetsa. Malaya aja sindivala. Mawu awo sindiloweza.

Ine ndekha ndikhoza kubwera. Koma akandipatsa maikolofoni ndidzanena zimene ndalemba munozi, kuyambira pa nthiti mpaka pa benchi. Ndidzanena kuti konzani mizere, bweretsani mankhwala, mulangizeni kalaliki, koma khomo lija lisiyeni lotsegula. Akadzandizimitsira maikolofoni ndidzakuwa, mawu ndili nawo, ndimaitana malole tsiku lonse.

Ngati simukufuna zimenezo, njira ilipo. Muli nawo m'galimoto tsiku lililonse abwana anuwo. Auzeni zoona, kuti bambo wa pa chithunzi anali atathandizidwa. Achotse nkhope yanga ndi ya mwana wanu pa chikwangwani, andisiye ndizinyamula simenti yanga. Akasankha kundichotsa ntchito, andichotse. Mantha ndili nawo, sindinama, ndimayang'ana mwana ndi mayi ake n'kumva thukuta kumsana. Koma msanawu ndi wanga, ndipo katundu wofuna kunyamulidwa sadzatha. Chipatala chikapita ndiye sindidzachipezanso pena.

Uyu ndi mwana wanunso, achimwene. Amakutchulani bambo aakulu. Musathandize anthu kutseka khomo limene ndimathamangirako naye.

Mundiyankhe msonkhano usanafike. Mukakhala chete, ndidziwa kuti mwavomera ndikwere basi ndikalankhule.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mukawaona azakhali muwauze kuti tikuwakumbuka, ndipo asadandaule akamva za dzina langa latsopanoli. Mlamu wanu akuti moni, ngakhale wanena ali chokwiya. Mulungu akusungeni pamsewu, akupatseninso mawu oyenera pamaso pa abwana anu.

Ndine mng'ono wanu,
Bambo a Kabatani