Kope la Achemwali

Lolemba, 4 Ogasiti

Tanyamuka. Chilole chachikasu, mkati mipando ngati ya basi, pamwamba matenti ndi zigubu za madzi. Alendo khumi ndi anayi. Ogwira ntchito atatu: dalaivala, wophika, ndi mtsikana wotitsogolera. Masiku khumi ndi awiri, kuchokera kummwera kwa dziko mpaka kumpoto. Wamkulu pa onse ndine. Andipatsa mpando wapafupi ndi chitseko chifukwa cha mawondo.

Masabata asanu ndi awiri chimwalirireni mwana wanga. Ntchito yake inali imeneyi, kutsogolera alendo, pa lole lomweli, njira yomweyi, zaka zisanu ndi chimodzi. Sanafere pamsewu monga ndinkaopera. Mutu, masiku anayi m'chipatala, basi.

Sindinauze aliyense kuti ndine bambo ake. Dzina lathu ndi lofala, ndipo kumaliro kunabwera abwana a kampani okha, enawa anali pa ulendo. Pa fomu ndangolemba kuti ndinkagwira ntchito ku laibulale, ndinapuma.

Mayi ake pondipakirira zovala: "Mukukafuna chiyani kumeneko? Simukamupezako." Zaka makumi atatu ndi zisanu ndikuwerenga maulendo a anthu ena, ineyo osagonapo mu tenti.

Miyendo yakana kukhazikika. Tikaima paliponse ndimatsika woyamba, kuzungulira lole, kukweranso, kutsikanso.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Fumbi. M'mano, m'makutu, m'kati mwa buku limene ndanyamula koma sindikuliwerenga.

Amene ndakhala nawo mpando ndi nesi wopuma, pakamwa posatseka. Andipatsa kale dzina, Alaibulale. Ati ndikumanga tenti ngati munthu amene akuipepesa. Kumbuyo kuli bambo wina wa kamera yaitali ngati munsi, amadandaula chilichonse, ngakhale kumene dzuwa laima.

Wotitsogolerayu ndi ulendo wake woyamba ali yekha. Ankagwira mu ofesi, njirayi anangoyendapo kamodzi. Akumuyesa kaye, akalephera ntchito palibe. Dalaivala naye ndi watsopano kuno, ankanyamula simenti. Wakale ndi wophika yekha, bambo wa imvi, koma iye lole likangoyenda tulo. Ati njira amaidziwira pa misika.

Titasiya tala, mtsikanayo anaimirira nkunena kuti, "Amene muli ndi mano oikirira, ikani m'thumba, msewu uno ndi wakuba." Onse kuseka. Ine ayi. Nthabwala imeneyo ndinaimva pa tebulo kunyumba kwanga, akuuza amalume ake.

Sanaipeke. Anaiwerenga m'kope. Lachikuto chakuda, lofufuma ndi mvula, lomanga ndi lasitiki. Ogwira ntchito amalitcha kope la Achemwali. Achemwali ndiye mwana wanga. Sindinkadziwa kuti kuno ankamuitana choncho.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Mapiri, mlatho wautali, mathithi amene aliyense anajambula. Ine maso pa kope. Mtsikanayo salisiya. Pa mphambano iliyonse amatsegula, chala pa mzere, kenako kuuza dalaivala. Ndinamumva akuuza anesi kuti, "Popanda ili ndine wakhungu."

Kampani inatitumizira katoni ya katundu wa mwana wanga: nsapato, jekete, kapu. Kopeli ayi. Foni yake ndi yokhoma, nambala yotsegulira anapita nayo. Kunyumba zolemba za dzanja lake ndi za kusukulu zokha. Ankangotumiza mawu pa foni, ine nkumafufuta kuti malo asadzaze.

Lero masana, tauni yomaliza tisanalowe m'chigwa chouma. Kuthira dizilo, kudzaza madzi. Onse anatsika kukagula zakumwa. Kope pa mpando wakutsogolo, lokha.

Ndinangofuna kuona dzanja lake. Zilembo zomwe zija zogonera kumanzere, zimene ndinalimbana nazo ali sitandade fili mpaka ndinagonja. Ndinamva anthu akubwera. Sindinaganize. Lili pansi pa malaya m'chikwama changa.

Ine amene ndinkalembera makalata anthu osabweza mabuku. Amene ndinatsatira mphunzitsi wina mpaka kunyumba kwake chifukwa cha dikishonale.

Ndibweza mawa. Ndingowerenga kaye.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndawerenga lonse mu tenti kutangocha, ndabwerezanso pa nthawi yopuma masana, kuseri kwa chitsamba ngati mwana wosuta fodya.

Dizilo apa, osati apo, amathira madzi. Mayi wa tomato wa duku lofiira sabera sikelo. Chimbudzi chabwino chili kuseri kwa positi ofesi. Mlonda wa pa geti amakonda shuga, osati ndalama. Alendo akayamba kukangana apatseni malalanje. Nthabwala zili ndi malo ake, ndi nthawi yake.

Ntchito yaukhondo. Munthu wa laibulale angainyadire. Ine ndinkati akungoyendayenda, adzatopa, adzabwerera kusukulu.

Za ine mulibe. Za mayi ake mulibe. Ndafufuza ndi m'mphepete momwe, ndi mkati mwa chikuto. Masamba makumi asanu ndi atatu, liwu loti adadi osapezeka ngakhale kamodzi.

Mtsikana uja wagwetsa katundu yense wa kutsogolo, wakwawa pansi pa mipando. Akuganiza kuti analisiya pothirira dizilo, mtunda wa theka la tsiku kumbuyo. Dalaivala wakana kubwerera, ati mafuta sangakwane. Netiweki kuno kulibe. Kwa alendo sananene kanthu, akungomwetulira, milomo youma. Chakudya chamasana sanadye.

Ndinafika pafupi naye kawiri. Kachiwiri anandifunsa ngati mawondo ali bwino.

Ndikabweza, ndibweza ndi chiyani pakamwa? Kuliponya pansi pa mpando sindingathe, wayang'anapo kale katatu. Komanso, ndinene zoona pano pokha: sindikufuna.

Loweruka, 9 Ogasiti

Chigwa. Palibe mtengo, palibe nyumba, dziko lathyathyathya mpaka kumene maso alekera. Kutentha kochita kununkha.

Cha m'ma teni, mphambano. Chikwangwani chodyeka ndi dzimbiri. Njira ya kumanja yotakata, yosalala. Ya kumanzere kanjira ka miyala. Lole linaima. Mtsikanayo anatsika, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, mapu a kampani m'manja, amene amaonetsa mjigo mbali zonse ziwiri.

Ine ndinkadziwa. Tsamba 41, mzere wodulidwa kawiri pansi: kumanzere, kumanja mjigo unafa ndipo kutsogolo kuli mchenga.

Anesi anandigunda ndi chigongono: "Alaibulale, mabuku onse aja, palibe limene linanena za pano?" Ndinaseka nawo. Ndinaseka.

Tinapita kumanja.

Ndinadziuza kuti mwina anaukonza. Kuti kopelo ndi lakale. Kuti munthu wamba ngati ine akanena kumanzere andifunsa kuti wadziwa bwanji. Maola atatu ndikudziuza zimenezi, zenera likundiotcha tsaya.

Mjigo wopanda chogwirira. Mbuzi yakufa kale pambali pake. Titapitirira pang'ono, matayala akumbuyo analowa mu mchenga mpaka theka. Takumba ndi mafosholo awiri, mbale, ndi manja. Ndakumba kuposa msinkhu wanga, anesi mpaka kundikalipira. Akuyesa ndine munthu wabwino.

Tigona pompano. Malo amene tinalipira kale ku msasa wa kutsidya apita. Wa kamera walankhula mokweza kuti aliyense amve: tikangopeza netiweki aimbira kampani, mtsikanayu abwerere kukasindikiza mapepala.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Madzi akugawa ndi kapu. Osasamba, osatsuka mbale, tikupukuta ndi mchenga. Mayi wina wodwala shuga wagona pansi pa lole, anesi akumukupiza ndi chivundikiro cha poto.

Lole latuluka cha m'ma naini, titayala mabulangete ndi zitseko za mabokosi pansi pa matayala. Vuto, kulowera kuti. Kubwerera ku mphambano dizilo achepa. Dalaivala akuti pali tinjira todutsa pakati, koma titatu, ndipo sakudziwa kabwino.

Inali nthawi yanga yothandiza kukhitchini. Ndikusenda anyezi, wophika akusonkha moto. Kenako, osandiyang'ana: "Madala, zigubu zatsala ziwiri. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma maso ndili nawo. Tsiku loyamba lomwe ndinaona mpeni mukuugwira ngati Achemwali, chala pamsana."

Sananene za kope. Sanafunikire kutero.

Ndinalitenga m'chikwama anthu onse akuona. Mtunda wochokera pa tenti yanga kufika pa lole ndi mapazi makumi awiri. Sindinayendepo ulendo wautali choncho.

Ndinamuuza mtsikanayo zonse, kuti ndine ndani, ndi za tsamba 41 zomwe. Kuti ndinkadziwa. Ndinkayembekeza kuti alira, kapena kukuwa. Anatenga kope, kuchotsa lasitiki, kufufuza tsamba, kuuza dalaivala kuti kanjira kapakati, ka mulu wa miyala yoyera. Atatero ndi pamene anatembenukira kwa ine.

"Pepani ndi maliro, bambo. Anali munthu wabwino kwa ine. Koma mukanapha mayi uja."

Palibe buku limene linandiuzapo zoona mwachidule chonchi.

Mjigo wamoyo tinaupeza dzuwa litapendeka. Anthu anathira mitu pansi pa mpopi ngati ana. Ine ndinamwa womaliza. Palibe anandiuza kutero.

Lolemba, 11 Ogasiti

Palibe akundilankhula, kupatula anesi, amene asamukira mpando wina koma anabwera kudzaona matuza a m'manja mwanga. Pomanga bandeji: "Munthu wophunzira akapusa amapusa mwaukadaulo."

Wa kamera sanasinthe. Ati kuba ndi kwanga, koma kusiya kope pampando ndi kwa mtsikanayo, ndiponso wotsogolera weniweni njira imakhala m'mutu. Ena atatu akugwirizana naye. Tsiku lathunthu latayika, nyanja ya mchere imene ambiri analipirira ulendowu sitiionanso.

Mtsikanayo ati za ine salemba mu lipoti. Ati abwana sangakhulupirire kuti bambo a Achemwali angachite zotere, aziti akunamizira wofedwa kuti adzipulumutse. Ndiye alemba kuti kope linasowa, linapezeka. Ndiko kuti ntchito yatha.

Ndayesa kuwerenga buku langa. Tsamba limodzi kanayi. Ndatsika, ndazungulira lole. Kopelo tsopano amaliika mkati mwa malaya ake. Akadutsa pafupi nane dzanja limapita pamenepo lokha.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Masana. Tayamba kukwera, chigwa chatsalira kumbuyo. Ndikulemba pabondo, lole laima.

Pamene laima ndi pachabechabe. Palibe mthunzi, palibe msika, chimwala chokha chachikulu ngati tchalitchi pambali pa msewu. Kope likuti: imani mphindi khumi, onani matayala. Dalaivala wawazungulira onse ndi chitsulo chake, ali bwinobwino. Wakwiya. Ati tachedwa kale ndi tsiku, ndipo ndani amaona matayala pokwera phiri, anthu amaona potsika.

Wophika anadzuka, kusuzumira pazenera, nkuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Ati matayala ati? Pa masiku anayi a chigwa chija netiweki imagwira pamwamba pa mwala uwu pokha. Achemwali ankanamiza alendo za matayala, nkuthamanga kukwera, akunena kuti: "Ndikaimbire mdala wanga, mwina lero andifunsa kuti ndili kuti."

Ndikuzikumbukira foni zimenezo. Masana, mphepo ili huu, mawu akudukaduka. Ine chala pakati pa buku kuti ndisataye tsamba. Sindikukumva bwino, mwanawe, udzaimbe ukafika. Kangati? Zaka zisanu ndi chimodzi.

Sindinamufunsepo kuti waima pati.

Wa kamera wamva za netiweki, wayamba kale kumanga zingwe za nsapato. Ndapita kwa mtsikanayo, ndamupempha foni yake ndi nambala ya abwana. Iwo amandidziwa, anandigwira dzanja kumanda. Akamva kuchokera pakamwa panga akhulupirira, ndipo adziwa chimene bambo a Achemwali ali. Wandiyang'ana, kenako mawondo anga, kenako mwala.

"Mphindi khumi, bambo. Kope likutero. Mukachedwa sindikudikirani."

Wandipatsa. Wophika akuti njira yake ili kuseri, pali poponda, Achemwali ankakwerera kumeneko. Wa kamera walowera kutsogolo, kosalala. Anesi andigwirire cholembera ndi kabukuka, ndikukwera.