Kafosholo kamene sindinatsuke

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kunja kuno, mumzinda wa Oshawa, tili moyo, kuzizira kokha.

Kuntchito tikuyesa ngati mitengo yosinthidwa chibadwa imapha tizilombo tosaoneka ta m'dothi la kumizu. Mwezi watha, pothamangira sitima, ndinatapa dothi la mitengo yosinthidwayo ndi la mitengo wamba ndi kafosholo kamodzi, osatsuka. Tizilombo tinasakanikirana, ntchito ya chilimwe chonse n'kuwonongeka.

Abwana atafunsa kuti, "Anatapa ndani?" anayang'ana Mariamu, wa ku Mangochi uja anandipezera ntchitoyi. Ine ndinangopitiriza ntchito ngati sizikundikhudza. Anamuimitsa ntchito sabata yathunthu.

Dzulo Mariamuyo anandibweretsera mandasi, amvekere, "Mwawondatu, mukudwala?" Mandasiwo ndinangowaika pambali.

Mawa ndikaulula, kaya andichotsa. Mundipempherere, koma amayi musawauze. Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Lameki